Mphira za Wofa Ntiamoah

Ku Magazini, dera la okonza magalimoto kuno ku Kumasi, munthu aliyense ali ndi chiwalo chake cha galimoto ndipo salowerera za mnzake. Wa mabuleki ndi wa mabuleki, wa magetsi ndi wa magetsi. A Ntiamoah anali odula mabushi, timphira tija timakhala pakati pa chitsulo ndi chitsulo kunsi kwa galimoto kuti zisamagundane. Tonse tinkawatchula kuti Wofa, kutanthauza amalume, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene mayi ake anali mlongo wawo.

Mphirazo ankadula ku matayala otha a malole onyamula mitengo. Mpeni anasula okha kuchokera ku chitsulo cha sipuling'i yothyoka, ndipo unali utaonda pakati chifukwa chonoledwa zaka makumi atatu. Tayala sankangotola. Ankalitsina ndi chikhadabo, kulipinda, kulinunkhiza, ndipo mwa matayala khumi ankatenga awiri. Ankanena kuti mphira yodula iwo imakhala zaka ziwiri pa msewu uliwonse, ndipo ife madalaivala tinkadziwa kuti sikunali kudzitama. Koma ukalamba unali utayamba kuwanong'oneza. Diso lamanzere linali litachita khungu loyera, ndipo mwana wawo Pokuaa, namwino wa ku Mampong, ankabwera mwezi uliwonse kudzawauza kuti asiye mpeni akapume kwa iye. Iwo ankayankha kuti tsiku limene mphira yawo idzabwerere isanakwane nthawi, adzamanga katundu okha osadikira kuuzidwa.

Ine ndine Agyekum. Ndimayendetsa takisi, Datsun yakale kuposa ukwati wanga, ndipo mkazi wanga amati ndimaisamala kuposa iye. Mwina sanama.

Vuto linayamba pa msewu wotsetsereka wa ku Bantama. Ndikangoponda mabuleki, kutsogolo kumanzere kunkamveka gu! ngati munthu wagwetsa mtondo. Popeza phokoso linkabwera ndi mabuleki, ndinapita kwa Issaka wa mabuleki. Anasintha mapadi, phokoso osachoka. Anandiuza kuti mwina ndi mabelingi, ndipo wa mabelingi naye anapeza cholakwika m'mabelingi, monga mwa masiku onse. Kuno ukapita ndi mutu kwa munthu wa mano, amakuzula dzino. Sabata itatha, mayi wina wonyamula dengu la tomato anatsika pakati pa njira n'kunena kuti iye ana ake akadali aang'ono, sakwera bokosi la maliro.

Ndinafika kwa Wofa mtima uli m'mwamba. Iwo sanagwire sipanala, anayamba ndi mafunso. Kodi imagunda kamodzi kapena imabwereza? Ndinati kamodzi. Anati ikamabwereza ndiye kuti chopindika chikuzungulira limodzi ndi tayala, koma kamodzi ndiye kuti pali chinthu chimene chikusuntha n'kukaima pa chinzake. Nanga ndikamabwerera chammbuyo n'kuponda? Ndinali ndisanayesepo. Titayesa, inagundanso, koma mofewa. Nkhope yawo inawala ngati ya munthu amene wapeza mapazi a nyama.

Anatenga choko n'kulemba kamzere pa bodi ya galimoto, molunjika m'mphepete mwa tayala lakutsogolo. Kenaka anandiuza kuti ndiyendetse pang'onopang'ono, iwo akuyenda chowerama pambali, diso labwinolo lili pa choko.

"Ponda tsopano, mphwanga."

Gu! Anandiuza kuti ndibwerezenso, katatu konse. Atawongoka, anandionetsa chala chawo chamkombaphala chogoneka: tayala linkabwerera m'mbuyo chonchi nthawi iliyonse. Chitsulo chimene chimaligwira kuti lisasunthe chinali chikusewera, ndipo pamenepo pamakhala mphira. Mphirayo anali atadula iwo miyezi inayi yapitayo.

Apa ndiye pakamwa panga panandilakwitsa. Ndinalankhula mokweza, dala, kuti owotcherera ndi ogulitsa zakudya amve. Ndinati ndataya sabata yathunthu kuzungulira Magazini yense pamene wolakwa wakhala phee pansi pa mtengo. Ndinati munthu maso akatha azivomera, asamatiphe ife ndi anthu athu m'galimoto. Issaka anandikoka malaya, koma ndinali nditanena kale.

Wofa anakweza galimoto ndi jeke, anamasula bawuti, n'kutulutsa mphirayo. Inali itafufuma ndiponso kufewa ngati nthochi yakupsa, moti chala chinkalowa. Anaitembenuza nthawi yaitali. Anandidulira ina n'kuimanga, kenaka yoolayo anaikulunga m'kansalu.

"Ngati ndinasankha tayala lowola osadziwa, ndiye kuti zala izi zatha ntchito, ndipo wanena zoona. Koma tayala lowola limauma n'kuthetheka, silifewa chonchi. Ndikufuna ndidziwe."

Mkwiyo wanga sutha tsiku. Pofika Lachitatu ndinali nditayamba kudutsa pamalo pawo ngati kuti ndili ndi zochita kumeneko. Makasitomala anali atachepa, chifukwa mawu ku Magazini amathamanga kuposa galimoto zimene timakonza. Wofa anali ndi zitini zisanu za mkaka atazindandalika pa benchi. Chidutswa cha tayala lomwe lija anali akadali nacho, chifukwa sataya kanthu, ndiye anadula tizidutswa n'kuviika m'zitinimo: china m'madzi a m'ngalande, china m'madzi a sopo, china m'mafuta a mabuleki, china m'madzi a batire, china chopanda kanthu padzuwa. M'mawa uliwonse ankazivuula n'kuzitsina. Zonse zinali gwa. Anali atapitanso kwa madalaivala awiri amene anawadulira ku tayala lomwelo n'kukwawa pansi pa galimoto zawo, ndipo mphira zawo zinali bwinobwino.

Izi zinayamba kundisowetsa mtendere nanenso. Anandifunsa msewu umene ndimadutsa, katundu amene ndimanyamula, ngakhale pamene galimoto imagona. Anayang'ana ngati injini ikudontha, koma injini yanga siidontha, ndipo ndinawauza monyada. Ananunkhiza mphira yoolayo n'kundipatsa kuti nanenso ndinunkhize. Ine ndinangomva fungo la galimoto. Iwo anati akumva dizilo, chonsecho Datsun yanga imamwa petulo.

"Loweruka umapanga chiyani, mphwanga?"

Ndinati m'mawa ndimakatsukitsa galimoto, chifukwa Loweruka ndi tsiku la maliro ndipo anthu ovala nsalu zawo zabwino sakwera takisi yafumbi. Anati apita nawo.

Kotsukira galimotoko kuli mtsinje waung'ono ndi milatho iwiri ya simenti yokwezapo galimoto. Wofa anakhala pa chidebe chovundikira, akudya mtedza, akuonerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Otsuka anathira madzi, anapaka sopo, n'kutsukuluza. Kenaka mkulu wa pamalopo anabwera ndi pampu yopoperera mbewu, ndipo ine, monga mwa chizolowezi, ndinamuuza kuti asaumire, makamaka kutsogolo kumanzere kumene kunkalira. Madalaivala tonse timakonda zimenezi. Amasakaniza oyilo wakuda wotsala m'mainjini ndi dizilo n'kupopera kunsi konse, kuti dzimbiri lisagwire ndiponso zitsulo zisamalire. Galimoto imachoka pamenepo ikunyezimira kumimba, ili chete. Ambiri amachita zimenezi kawiri pachaka. Ine, chifukwa chokonda Datsun yanga, ndinkachita Loweruka lililonse.

Wofa anadzuka msanga kuposa mmene ndinawaonerapo. Anagwira dzanja la munthuyo asanapope, anathira pang'ono pa chikhatho, ananunkhiza, kenaka anatulutsa kansalu kaja n'kununkhizanso. Anamufunsa kuti wakhala akupopera galimoto imeneyi kwa nthawi yaitali bwanji. Iye anayankha mosangalala kuti chiyambire mwezi wa Khirisimasi, ndipo palibe kasitomala wokhulupirika ngati ine.

Wofa anandifotokozera mofatsa kuti mphira ya tayala imapirira dzuwa, madzi ndi miyala, koma oyilo imamwa mpaka kufufuma. Mphira yanga ndinkaimwetsa ndekha sabata iliyonse, ndipo itayamba kulira ndinawonjezera. Otsuka aja anayamba kuseka. Mmodzi anati mwana womudyetsa kwambiri ndi amene amadwala m'mimba. Ine manyazi anandigwira moti ndinasowa poyang'ana.

Ndinkayembekezera kuti Wofa aseka nawo, kapena andilalatira, ndipo ndikanalandira. M'malo mwake anabwerera pa chidebe paja n'kukhala pansi mwamphamvu. Mtedza wawo unagwera m'matope. Ndinagwada pambali pawo n'kunena kuti Wofa, ndinalakwa, Lolemba ndikanena pamalo pomwe paja ndi mawu okweza omwe aja.

"Ukanene. Koma katundu ndinamanga Lachinayi, ndipo Pokuaa akubwera mawa ndi galimoto. Zitini zija zitakana kundiyankha, ndinati mnyamata uja ananena zoona." Anatambasula zala zawo pa mawondo. "Masiku asanu awa, mphwanga, ndakhala ndikuyang'ana manja angawa ngati a munthu wina."

Lamulungu m'mawa sindinapite kutchalitchi, ndinapita kunyumba kwawo kukathandiza kumasula mitolo. Mpeni uja unali pansi penipeni pa thumba la zovala, ataukulunga kale m'nyuzipepala. Tili mkati momasula, Pokuaa anafika ndi galimoto yobwereka. Bambo ake atamufotokozera zonse, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo mpaka lero sandipatsa moni.