Tsamba la Munthu Mmodzi

A Jeremiya Matiki anali telala wa pakhonde la golosale ya a Rashidi, pamsewu wopita ku Domasi Mission. Anasokera yunifolomu theka la ana a kwa Malemia, koma ukawafunsa za mwana wawo ankangopalasa makina mwamphamvu ngati sanamve. Mwanayo anali mmodzi yekha, Henderson, amene anapita ku Joni mu 1987 n'kungoti zii. Akazi awo atamwalira, a Jeremiya anatsala ndi makinawo basi. Ine woyandikana nawo nyumba ndinkawamvera chisoni, ngakhale anali nkhalamba yovuta kucheza nayo.

Mu 1999 mphunzitsi wina, mayi Iness, anabwera kudzapinditsa siketi. Pocheza anatchula mlongo wawo wa ku Blantyre amene ankapanga mawebusaiti, masamba a pa kompyuta oti munthu angawaone ali kulikonse padziko.

Makina anaima. "Ngakhale ku Joni, mayi?"

"Ngakhale ku Joni, bambo."

Patatha milungu iwiri mayi Iness anabweretsa fomu. Mlongo wawoyo anati sangatchule mtengo asanadziwe zimene munthu akufuna: masamba angati, zithunzi zingati, mawu otani, ndiponso amene adzaliwerenge. A Jeremiya anaigwira ntchitoyo ngati suti ya mkwati. Kwa sabata yathunthu makasitomala ankabwerera ndi nsalu zawo akung'ung'udza.

Pa funso la kukula kwa webusaitiyo anatenga tepi yawo n'kulemba kuti mainchesi 18 m'lifupi, 24 m'litali, kuti izioneka patali. Ndinawaseka, iwo n'kundiuza kuti ndizisamala za mbuzi zanga. Zithunzi anasankha ziwiri, cha Henderson ali Fomu 2 ku Malosa, ndi cha manda a mayi ake chimene anachita kuitanira wojambula. Mawu anawalemba monga amalengezera mauthenga pa wailesi: "Uthenga ukupita kwa Henderson Matiki. Mayi ako anatisiya mu 1994. Ine maso ayamba kuvuta. Amene wamva amudziwitse." Pa funso lomaliza, lakuti tsambali adzaliwerenge ndi anthu otani, analemba kuti "Mmodzi."

Fomuyo anakaitumiza okha ku positi, atavala jekete.

Yankho linafika mvula itayamba. Anandiitana kuti ndiwawerengere poti zilembo zinali zing'onozing'ono. Mtengo unalipo, wokwera kuposa makina awo, koma iwo sanagwedezeke n'komwe. Anati agulitsa makinawo ndi njinga yomwe. Ndiye ndinafika pa ndime yomaliza. Mnyamata wa ku Blantyre uja anali wachilungamo, analemba kuti: "Bambo, ndisakunamizeni. Tsambali silili ngati wailesi, silipita kukapeza munthu. Amaliona ndi yekhayo amene wakhala pa kompyuta n'kulifunafuna."

"Bwerezani pamenepo, achimwene," anatero.

Ndinabwereza.

"Ndiye kuti mpaka iyeyo ayambe wandifuna?"

"Ndi mmene alembera."

Anayang'ana msewu wa ku Zomba, pamene minibasi zimatsitsa anthu. Kenako anapinda kalatayo bwinobwino, anaiika m'kabati ya ulusi pamodzi ndi chithunzi cha Fomu 2 chija, n'kukoka yunifolomu imene inali pamwamba.

"Basi, tisavutitse mwana wa eni," anatero. "Henderson akadakhala kuti akundifuna, pakhonde pano amapadziwa."