Ndinamanga mdzukulu wanga ndi chitenje panyanja

Ndikuvomera pamaso panu kuti ndinatsala pang'ono kupha mdzukulu wanga ndi manja angawa, ndikuganiza kuti ndikumuteteza. Inu owerenga, makamaka azimayi anzanga amene mumati palibe wodziwa kusamala mwana kuposa inu, mundimvetsere.

Ine ndimakhala ku Ndirande, ndipo amene amandidziwa angakuuzeni kuti sindikhulupirira munthu. Mu minibasi chikwama ndimachikumbatira pamimba. Kiyi wa nyumba yanga sanagonepo kwa neba. Ana anga ali aang'ono, tikamawoloka mtsinje wa Nasolo madzi atadzaza, ndinkawamangirira m'chiuno mwanga ndi chitenje, ndipo palibe amene anakokoloka. Nzeru imeneyi ndinkainyadira.

Chaka chatha mwana wanga Esinati, amene amagwira ntchito ku Kepitauni, anandiitana kuti ndikamuthandize atabereka. Ndinakhalako miyezi itatu. Kutatsala masiku anayi kuti ndibwerere, anati sindingapite kwathu osaona nyanja yamchere pafupi. Anakonza zoti tikakwere timabwato tapulasitiki topalasa ndi nkhafi, amati kayaki, tikaone akatumbu a m'nyanja amene amaothera dzuwa pamiyala. Ndinakana. Koma mwana wake woyamba, Tamanda, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, anandichonderera mpaka ndinafewa.

Pagombe tinalandiridwa ndi bambo wina wandevu, wotitsogolera. Ndinangomuona ndi kumuda, chifukwa pachifuwa pake panali kampeni. Mumtima ndinati, munthu wopita ndi ana pamadzi mpeni ngwachiyani? Anativeka majekete oyandamitsa, n'kulankhula zambiri m'Chingerezi, Tamanda akundimasulira. Anati bwato likagubuduzika tisachite mantha, jekete litikweza lokha, ndipo tisadzimangirire ku chinthu chilichonse. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva.

Esinati anakwera bwato lina ndi mwamuna wake. Ine ndi Tamanda anatipatsa limodzi, iye kutsogolo, ine kumbuyo. Bambo uja atangotembenuka, ndinavula chitenje chimene ndinakulunga pamwamba pa thalauza, nsonga ina ndinamanga palamba wa jekete la Tamanda kumsana, ina m'chiuno mwanga. Ndinamanga mfundo ziwiriziwiri.

"Agogo, anenatu kuti tisamange kanthu," anandinong'oneza.

"Khala chete iwe. Ameneyo analerapo ana angati?"

Mwanayo anakhala chete, poti ndinamuphunzitsa ndekha kusayankha akuluakulu.

Tinapalasa mpaka nyumba za pagombe zinachepa. Madziwo sanali ngati a kwathu: obiriwira, ozizira ngati a mufiriji, ndipo ankatukumuka pansi pathu ngati chinthu chopuma. Pamiyala panali akatumbu ambirimbiri, akulira ngati agalu achimfine, fungo lawo ngati pamsika wa nsomba. Tamanda ankaseka, akuloza uku ndi uku. Ine maso anga anali pa bambo wa mpeni uja, osati pamadzi.

Mwadzidzidzi katumbu wamkulu anavuuka pambali panga penipeni, n'kundipemerera mpweya kumaso. Ndinakuwa, ndinaimirira theka, ndikufuna kumumenya ndi nkhafi. Nthawi yomweyo funde linatinyamula, bwato n'kugubuduzika.

Jekete linandikwezadi lokha monga ananenera. Ndinatulukira mbali ina ya bwato, koma Tamanda sindinamuone. Iye anagwera mbali inayo, ndipo chitenje chinadutsa pansi pa bwato. Ndinamva chikundikoka m'chiuno, ndipo ndinachita zimene ndinazolowera pa Nasolo: ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse. Kukoka kulikonse ndinkamulowetsa mwanayo pansi pa bwato. Jekete lake likuti akwere, agogo ake akuti atsike. Ndinamva tizibakera take tikugunda pulasitiki kunsi, gu, gu, gu, kenako kugundako kunayamba kuchepa.

Nditazindikira, ndinayesa kumasula mfundo. Nsalu yonyowa simasuka, ndipo zala zanga zinali zitauma ndi kuzizira. Esinati ankakuwa dzina la mwana wake chapatali, bwato lawo likungozungulira.

Bambo wandevu uja anafika ngati mphepo. Sanandifunse kanthu. Anaona nsaluyo, anasolola kampeni kaja, anadula kamodzi. Tamanda anavuuka mbali inayo, milomo itachita bii, maso ali gwa. Bamboyo anamukokera pabwato lake, anamugoneka chammbali, mpaka mwanayo anasanza madzi n'kuyamba kulira. Kulira kokoma ngati kumeneko sindinakumvepo. Pambuyo pake ndinamva kuti mpeniwo amayenda nawo ndendende chifukwa cha zingwe zokola anthu m'madzi.

Tamanda anagona kuchipatala tsiku limodzi. Esinati sanandikalipire, koma bola akanandikalipira. Anangondifunsa motsitsa mawu kuti, "Amayi, inu mumakhulupirira ndani?" Tsiku lonyamuka, Tamanda anandikumbatira, koma pamene ndinati ndimukonze kolala ya diresi kumbuyo, anadzidzimuka n'kusuntha. Mpaka lero akamandiimbira foni amandiuza zakusukulu, za mng'ono wake, koma za akatumbu sanatchulepo, ndipo ndamva kuti kusambira anasiya.

Sindikuti muzikhulupirira aliyense, ayi. Chikwama changa ndimachikumbatirabe. Koma mukafika kwa eni, pamadzi awo, ndipo munthu amene amagwira ntchitoyo tsiku ndi tsiku wakuuzani kuti musachite chakuti, mverani, ngakhale nkhope yake isakusangalatseni. Ndipo mwana akakukumbutsani zimene anena, musamutseke pakamwa.

Chitenje chija ndinabwera nacho theka, mfundo yake ikadali yomangika. Chili m'sutikesi pansi pa bedi. Ndayesapo kuimasula mfundoyo ndi mano, yakana.