Nambala Imene Amalume Sanaikhudze

Amalume anga amalemba mapulogalamu a kompyuta pa kampani ina ya mabasi. Lamulo lawo ndi limodzi, ndipo aliyense amene anaphunzira ntchito m'manja mwawo amalidziwa pamtima: nambala yosasintha uziika pamwamba, dzina lake m'zilembo zazikulu, ukatero usaikhudzenso.

Ana awo atayamba kukanganirana zotsuka mbale, anawalembera kapulogalamu kogawa masiku, n'kuika kompyuta yakale pamwamba pa firiji. Mzere woyamba wa kapulogalamuko unati ANA ndi 4.

Chaka chatha mzime wawo anamwalira. Maliro atatha, ndinawapeza ataima pafirijipo. Analemba m'munsi kuti ANA ndi 3, koma kompyuta inakana, inati nambala imeneyo inakhazikitsidwa kale.

"Bwanji osangokonza pamwambapo, amalume?" ndinafunsa.

"Iwe, pamenepo pasiye," anatero osandiyang'ana n'komwe.

Analembanso dzina lomwelo m'zilembo zazing'ono, n'kulipatsa nambala 3. Kwa kompyuta chimenecho ndi chinthu china, ndiye inavomera. Mizere yonse anailozetsa ku dzina latsopanolo, kupatula umodzi. Kaya anauiwala, kaya. Munthu wake saiwala ngakhale kadontho, koma ine sindinawafunsepo.

Mpaka pano, pakapita masiku angapo, kompyuta ija imaonetsa kuti lero wotsuka mbale ndi mzime. Ana enawo amadya msangamsanga n'kutuluka panja. Mayi awo amasonkhanitsa mbale zonse m'sinki, n'kudikira kaye pang'ono asanatsegule mpopi.