Atate Anaonera Mpira ndi Makutu

Atate anasiya kuona chaka chomwe anawachotsa ntchito ku njanji. Inali nthawi imene makampani a boma ankagulitsidwa, ndipo kwathu ku Nangongwe amuna ambiri ankangokhala pakhonde masana onse. Koma atate matenda a shuga anawalowa m'maso. Poyamba ankati akuona utsi, kenako mdima wokhawokha. Anasiya kucheza. Nshima ankangoitsina n'kukankha mbale, ndipo wailesi sankafuna n'kuimva komwe.

Ine ndinali mtsikana wamkulu kale, ndikugulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika, ndipo ndinali nditangolowa mpingo wa Pentekoste. Ku bala sindinkapondako. Ndikamadutsa ndinkayang'ana kumbali.

Bala ya m'dera lathu inali yakale, chipinda chimodzi chamalata, mabenchi ake osalala chifukwa chokhalidwa. Mwini wake anali mdala wina amene ankagwira ntchito ndi atate. Atachotsedwa nayenso, anaitenga bala ija n'kuimika dishi yaikulu kuseri kuti anthu azionera mpira. Loweruka lina masana anafika kunyumba.

"Ba mudala, tiyeni ku bola," anatero.

"Nikaone chani? Maso nilibe."

"Maso tili nawo ambiri kuja. Imwe bwerani chabe."

Atate anakana. Koma Loweruka lotsatira anandiitana n'kunena kuti ndiwapatse jekete. Amayi anali atapita kukapikula nsomba kumtsinje, choncho wowagwira dzanja ndinali ine. Titafika pakhomo la bala ndinaima osalowa. Mkazi wa mwini bala anaona. Anatulutsa kampando n'kukaika panja pafupi ndi chitseko, n'kundipatsa kapu ya munkoyo, chakumwa chonga thobwa.

"Khala apa, mwana wanga. Palibe azakuvuta."

Atate anawakhazika kutsogolo kwenikweni, ngati kuti akuona. Mpira utayamba aliyense ankafuna kuwafotokozera, ndiye linali phokoso chabe. Kenako bambo wina wamawu aakulu, amene kale ankanyamula matumba ku fakitale ya feteleza, anawaletsa onse. Anatenga dzanja la atate n'kulitambasula, n'kunena kuti chikhatho ndiye bwalo. Mpira ukapita kumanja, chala chake chinkapita kumanja. Ukafika pagolo, ankafinya.

Vuto lake linali lokondera. Timu yake ikalakwa ankadumpha, wosewera wake akagwetsedwa ankakuwa.

"Penate iyo, ba mudala, lefali waba."

"Ngati ni penate, nanga anzako ali zii chifukwa chani?" anafunsa atate.

Bala yonse inaseka, ndipo pakati pa kusekako ndinamva kuseka kwa atate. Ndinali nditakuiwala. Ndinatembenukira kumsewu kuti anthu asaone nkhope yanga. Pobwerera anayankhula njira yonse, kundiuza za masiku amene ankatchinga kumbuyo mu timu ya kuntchito, ndipo kunyumba anamaliza mbale.

Sindikunena kuti malo aja anali oyera. Amuna ena anamwera momwemo zonse zimene anapatsidwa pochoka ntchito, ndipo ndewu ndinaziona. Kumpingo nako nkhani inafika. Amayi busa anandiitanira pambali, ndipo ndinawafotokozera zonse.

"Uziwaperekeza atate ako," anatero. "Koma chitenje cha mpingo uzisiya kunyumba."

Tinayenda choncho zaka zingapo. Magetsi akazima pakati pa masewera, anthu sankabalalika. Ankatembenuza mabenchi n'kuwapempha atate kuti asimbe za mpira wakale, iwo n'kumawonjezera mchere mmene angathere. Nanenso kampando kanga kanasendera pang'onopang'ono mpaka ndinayamba kusuzumira pa TV, ndipo ofusayidi ndinaidziwira pamenepo.

Atate anamwalira nthawi ya mvula. Amuna a ku bala ndi amene anakumba manda m'matope, a kumpingo akuimba. Patapita chaka ndinapeza banja, ndipo panalibe wondilowetsa m'tchalitchi pa ukwati, popeza abale a atate anali kutali ku Chipata. Ndinapita kwa bambo wamawu aakulu uja, ndikuchita manyazi. Ndinamupempha kuti andilowetse ndiye. Anangofunsa tsiku.

Anabwera atavala suti yobwereka, manja ake aafupi, asanalaweko ngakhale dontho la mowa. Mapemphero athu ndi aatali, koma anakhala mpaka kumapeto, thukuta lili kamukamu, akuwomba m'manja mosemphana ndi nyimbo.