Kasitomala Amene Ankakana Kugwira M'chiuno

Pa siteji ya kabaza ya pa Kabudula palibe amene sawadziwa a Elifasi. Anzawo amawatcha Achifatse. Ena amathamangitsa njinga zawo zamoto ngati akuthawa njuchi, koma iwo amayenda ngati anyamula mazira. Akadutsa pokumbika amatembenuka n'kufunsa kuti, "Muli bwino kumbuyoko?" N'chifukwa chake amayi oyembekezera ndi okalamba otuluka m'chipatala amadikira iwo, ngakhale njinga zina zitandandalika popanda wokwera.

Koma panali munthu mmodzi amene anali asanakwerepo njinga yawo: akazi awo, a Lidiya. Anawatenga chitengwa kuchokera kumudzi wina wa ku Nambuma. Chiyambire kuvutika msana, mayiwa anasiya kupita kwawo, poti matola ankawagwedeza mpaka kukagona osadzuka. Mkulu wawo, a Tisiyenji, ankangomveka pafoni. Tsiku lina a Tisiyenji anafunsa kuti, "Kodi iwe, tidzaonana pamaliro anga?" A Lidiya sanadye tsiku limenelo, ndipo amuna awo anaona.

A Elifasi anadula siponji ya matiresi akale, anaikuta ndi chitenje, n'kuimanga pampando wa njinga ndi mphira za chubu. Tayala lakumbuyo analiphwetsako pang'ono kuti lisamadumphe. Loweruka lina m'chilimwe sanapite kusiteji.

"Amake Precious, lero kasitomala ndinu."

"Ine? Ndi msana uwu?"

"Palibe akutithamangitsa. Mukatopa tiima. Zikakanika tibwerera."

A Lidiya anakwera chammbali, miyendo yonse mbali imodzi, chitenje chili m'malo mwake.

"Ndigwireni m'chiuno," anatero a Elifasi.

"Iii! Pamsewu? Ine mayi wa Chigwirizano, anthu a kumpingo akuona? Ndigwira kaliyala."

Anapinda dzanja kumbuyo n'kugwira chitsulocho zolimba. Ananyamuka. Kunali kowala bwino, kamphepo kakuwomba. Anadutsa minda yoti anthu akolola kale ndi zigafa za fodya zopanda kanthu, a Elifasi akuloza uku ndi uku ngati akuonetsa mlendo dziko. Koma pagalasi ankaona nkhope ya akazi awo ikukwinyika. Anaima pansi pa mtengo wa mango, anagula nzimbe, anasenda okha n'kuwapatsa.

"Bambo a Precious, tibwerere," anatero a Lidiya motsitsa mawu. "Msana wakana. Kwathu sindidzafikakonso."

A Elifasi anatafuna nzimbe yawo kaye.

"Si msewu umene ukukupwetekani. Mwauma ngati thabwa, dzanja lili kumbuyo, msana wapotoka. Njinga ikagunda, zonse zikuthera pa inu. Mukandigwira, thupi lanu lizitsata langa. Ndipo pano akutiona ndani? Mbuzi izo?"

"Mbuzi nazo zili ndi eni ake."

Onse anaseka, koma a Lidiya anasekera mumisozi. Atakweranso anatsina malaya a amuna awo ndi zala zokha, ngati akutola kachitsotso. A Elifasi sanadandaule. Anangoyenda mwachifatse chawo chija mpaka anafika padambo pamene msewu unali mchenga wokhawokha. Tayala lakumbuyo linaterereka pang'ono.

"Mayo!" A Lidiya anawakumbatira m'chiuno ndi manja onse.

"Eya, pomwepo," anatero a Elifasi, osatembenuka.

Mchenga unatha koma manja sanachoke. A Lidiya anamva msana ukumasuka. Njinga ikapendekeka nawonso ankapendekeka, ikadumpha ankatsamira pamsana pa amuna awo. Anayamba kuona zimene ankadutsa: chigayo chatsopano, tchalitchi chimene anabatizidwira, chitsime chimene ankatungako ali mtsikana. Tsopano amene ankaloza anali iwo, koma ndi chibwano.

A Tisiyenji anali kuswa mtedza pakhonde. Ataona amene akutsika panjinga anataya lichero, nthungululu ili pakamwa. Anacheza mpaka dzuwa linapendeka, a Elifasi ali phee pamthunzi, osayang'ana n'komwe nthawi.

Pobwerera, atayandikira pa Kabudula, a Elifasi anachepetsa liwiro.

"Tikufika pasiteji, amake Precious. Mukafuna gwirani kaliyala, ndiyenda pang'onopang'ono."

A Lidiya sanachotse manja. Akabaza onse anali pomwepo, ndipo Jameson, wapakamwa kuposa onse, anaimirira panjinga yake.

"Achifatse! Kasitomala wanji wogwira chonchi? Ukwati watsopano eti?"

"Ndi anga awa, Jameson!" anakuwa a Lidiya. "Iwe ndi liwiro lakolo adzakugwira ndani?"

Siteji yonse inafa ndi kuseka, mahutala ali pipiii. A Elifasi anangoweramitsa mutu, akumwetulira. Manja aja anachoka m'chiuno mwawo njinga itazima pakhomo.

A Lidiya anatsika, anadziwongola, n'kusisita siponji ija.

"Iyi musaimasule. Achemwali akuti mwezi wamawa kuli chinkhoswe."