A Mateyu Masiye ndi Njuchi za Kuphiri

Akhristu anzanga, mwezi uno ndalanda tsamba lonse la kalata ya parishi, ndipo sindipepesa, chifukwa ndikulemba za a Mateyu Masiye a ku Khombedza!

Anabadwa mu 1924. Ali mwana ankatsatira bambo awo kuphiri kukafula uchi, koma ankalira akaona njuchi zikupserera ndi moto wa udzu. Atabatizidwa analonjeza kuti sadzatenthanso njuchi. Ankangozifukiza utsi pang'ono, n'kuzisiyira zisa zina. Kwa zaka makumi atatu, kandulo ya Pasaka m'tchalitchi mwathu inali ya phula la m'ming'oma yawo. "Njuchi ndi akatekisiti a maluwa," ankatero. "Zimayenda khomo ndi khomo osatopa. Popanda izo, msuku subala."

Mayesero sanawaphonye. Chaka china mankhwala opopera thonje anawaphera njuchi za m'ming'oma isanu ndi iwiri sabata imodzi. Sanakalipire munthu. Anangoyenda m'minda kupempha alimi kuti azipopera madzulo, njuchi zitabwerera.

Ndiye kunabwera matipate mu 1994. Ena anati ufulu wafika, phiri lilibenso mwini. Nkhwangwa zinalira, makala anafuka, ndipo misuku, yomwe imatipulumutsa m'miyezi ya njala, inayamba kutha. Ife a mphakati, kagulu ka akhristu a m'mudzi, tinangokhalira misonkhano. Koma gogoyu, wa zaka makumi asanu ndi awiri, anatola zipika zogwetsedwa kale, n'kusema ming'oma, n'kuipachika m'misuku yotsalayo umodziumodzi. Njuchi zinalowa! Tsono ndani akanatema mtengo wotero?

Robert, katswiri wootcha makala, anayesa. Anatsika phiri ali liwiro, nkhope itatupa ngati dzungu. Tinaseka mpaka misozi, Mulungu atikhululukire. Koma a Mateyu anamulondola kwawo ndi botolo la uchi.

"Mwabwera kudzandiseka, agogo?" anafunsa Robert.

"Iyayi, mwanawe. Kuyambira lero, ming'oma khumi ya kumtunda ija ndi yako. Mtengo umakupatsa makala kamodzi kokha, koma uchi chaka ndi chaka."

A Mateyu anatisiya mwamtendere mu Disembala 1998, atalandira masakramenti, kolona ili m'manja. Tsiku la maliro, Robert anatsika kuphiri ndi anzake asanu, aliyense atasenza dengu la masuku, ndipo tonse tinadya. Kenaka Robert anagwada pamaso pa bambo mfumu n'kutula phula lambiri lopangira kandulo.

"Kandulo ya Pasaka musakagule ku Lilongwe, abambo," anatero. "Njuchi za agogo zilipo."