Manati a Pansi pa Mlatho

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinayamba kuba mlatho. Sindinkadziwa kuti ndikuba. Ine ndinkati ndikutola.

Tinkakhala pa esiteti ya fodya cha ku Mlonyeni. Bambo anali tenanti, kwawo ku Thyolo. Pakati pa esiteti ndi msewu waukulu panali mtsinje, ndipo pamtsinjepo panali mlatho wa matabwa. Unali wakale kuposa bambo. Akuluakulu ankati unamangidwa pa Boma pakutchedwabe Fort Manning. Pansi pake panagona zitsulo zitatu zazitali, zofiira ndi dzimbiri. Pamwamba anayalapo matabwa akuda onunkha phula, thabwa lililonse lomangidwa ndi mabawuti. Thirakitala ikamadutsa, mlatho wonse unkalira ngati ng'oma yong'ambika. Mwini wake sitinamuonepo. Tinkangoti ndi wa boma. Kwa ife ana, chinthu cha boma chinalibe mwini.

Ine mtima wanga unali pa legeni. Mwala umakhota mumphepo, njiwa n'kuthawa. Tsiku lina ndinatola nati, kachitsulo komangira bawuti, pansi pa mlatho, yogwa yokha. Ndinaiika mu legeni. Inapita molunjika, ikulira likhweru, njiwa n'kugwa ngati bango lakupsa. Basi, miyala ndinaisiya.

Nthawi imeneyo ndinkaweta ng'ombe za a Jere, eni ngolo a m'mudzi woyandikana ndi esiteti. M'bokosi la ngolo yawo munali sipanala yaikulu. Ndinkaibisa m'malaya, pamodzi ndi kabotolo ka palafini wotapa mu koloboyi wa amayi. Tsidya lija la kumsewu gombe linali lalitali, mwana ankafikira matabwa ali chiimire. Ndinkadonthezera palafini pa nati, n'kudikira ng'ombe zimwe madzi, kenako n'kupotokola. Dzimbiri linkandigwera m'maso. Nthawi iliyonse ndinkadziuza kuti imodzi yokha, mlatho wonsewu sungamve. Pofika nyengo ya dzinja ndinali nditamasula manati khumi ndi imodzi, onse pa matabwa anayi omalizira. Pamwamba sipankaoneka kanthu. Mitu ya mabawuti inali m'malo mwake, ngati yogwira ntchito.

Chaka chimenecho amayi anali oyembekezera. Matenda anawayamba m'mawa wina, mvula itagwa masiku atatu, mwezi wawo usanakwane. Azimayi ankalowa ndi kutuluka m'nyumba osayang'ana munthu. Kenako mmodzi, Nachisale, anatuluka n'kuuza bambo kuti izi si za pakhomo, achite changu, apite nawo kuchipatala ku Guilleme. Thirakitala ya pa esiteti inali itatitimira m'dambo dzulo lake. Inatsala ngolo.

A Jere anamanga ng'ombe, Bantomu ndi Kapiteni. Anayala mphasa ndi bulangeti, amayi n'kugonekedwa, Nachisale atawagwira mutu. Ine anandipatsa chingwe kuti nditsogolere ng'ombe, chifukwa zinandizolowera.

Njira yonse ndinkaganiza za matabwa anayi aja. Mapazi ankafulumira, mtima ukubwerera m'mbuyo. Ndinadziuza kuti thirakitala yakhala ikudutsa, palibe chinachitika. Ndinadziuzanso kuti ndikanena, bambo andipha. Kumbuyo amayi ankabuula motsitsa, ngati munthu wosafuna kuvutitsa anzake.

Tinafika. Mtsinje unali utadzaza, madzi ofiira, akukokolola mapesi ndi nthambi. Usiku anali atakwera mpaka pamatabwa, chifukwa pamwamba panatsala matope ndi zinyalala. Ndinalowa pamlatho, ng'ombe zikunditsata. Tili pakati ndinaona thabwa lachiwiri kuchokera kumapeto litapendekeka pang'ono. Bawuti yake inali itatuluka ngati dzino logwedera. Pakati pa thabwalo ndi linzake pankaoneka madzi.

Ndinaima.

"Tiye, iwe!" anakuwa a Jere. "Ukuwerenga nsomba?"

Sindinasunthe. Bantomu anandiuzira mpweya wotentha pakhosi. Bambo anadumpha m'ngolo n'kubwera.

"N'chiyani?"

"Matabwa awo alibe manati."

"Wadziwa bwanji?"

"Ndinachotsa ndine."

"Angati?"

"Anayi omalizirawo."

Ndinatseka maso kudikira khofi. Silinabwere. Bambo anapita n'kuponda kumapeto kwa thabwa lija. Linadzuka mbali inayo, n'kugwanso, phwa! A Jere anavula chipewa.

"Mwana wa njoka iwe," anatero. "Ndiye sipanala yanga inkapita kumeneko? Ng'ombe zanga zikanathyoka miyendo, ngolo n'kutembenukira m'madzimo ndi mayi ako omwe!"

"A Jere, zimenezo pambuyo," anatero bambo. "Masulani ng'ombe."

Ngolo siibwerera pamlatho wopapatiza. Tinamasula goli pomwepo. Bambo anatenga zingwe zonse, ndi za pa goli zomwe, n'kutsikira pansi pa mlatho tsidya lija, madzi akuwafika m'chiuno. Ine ndinkagona chafufumimba pamwamba, kulowetsa chingwe m'mipata, iwo n'kumakulunga kuchitsulo. Zingwe zinakwanira matabwa atatu. Lachinayi tinaliponda, ine mbali iyi, Nachisale mbali inayo, a Jere n'kuwolotsa ng'ombe imodziimodzi. Kapiteni anakana kawiri. Kenako amuna awiriwo anakoka ngolo ndi manja. Pamene gudumu linakwera pa thabwa langa, ndinalimva likufuna kundinyamula. Ndinaona nkhope ya amayi ikudutsa pafupi ndi ine, maso ali chitsekere, milomo yotuwa.

Tinawoloka. Koma zingwe zomwe zija zinafunikanso pa goli. Bambo anatsikiranso m'madzi kukamasula. Mfundo zonyowa sizimasuka msanga. Tinafika pamlatho dzuwa lili m'munsi, tinachokapo lili pamutu.

Amayi anachirira m'ngolo, chipatala chikuoneka patali. Ife amuna tinaima kuseri kwa mtengo, Nachisale atatchinga ndi chitenje. Anali mwana wamkazi, wamng'ono ngati dzanja la bambo. Amayi anapulumuka. Mwanayo anakhala masiku awiri. Anamwino anati tikanafulumira. Sananene kuti akanakhala moyo. Anangoti tikanafulumira. Mawu amenewo ndakhala ndikuwatembenuza zaka makumi atatu, ndipo sindinawapezebe mbali yogonera.

Anakamuika azimayi okhaokha, monga mwa mwambo. Maliro otere salira mokweza. Dzina analibe.

Sabata yonse ndinkadikira chikwapu. Ndinkachifuna. Bambo sanandikhudze, sanandilankhulenso. Loweruka m'mawa anandidzutsa.

"Manati aja unawaponyera kuti?"

"Kuthengo."

"Kawatole."

Ndinakwawa m'tchire masiku atatu, pansi pa mtengo uliwonse umene ndinalasapo njiwa. Chitedze chinandiyabwa, minga inandilasa. Ndinapeza anayi. Bambo anakapempha otsalawo kwa makaniko wa pa esiteti, akale ochotsa ku ngolo ya thirakitala. Tinapita kumlatho ndi sipanala ya a Jere. Iwo ankagwira bawuti pamwamba, ine ndikumanga pansi. Ndikati ndamaliza, ankatsika n'kuyesa ndi dzanja lawo. "Bwereza." Zikhatho zinatuluka matuza, matuza n'kuphulika.

Titamanga yomaliza, thirakitala inamveka ikubwera, itasenza nkhuni zochizira fodya. Ndinayamba kutuluka.

"Khala pomwepo," anatero bambo. Kenako anatsika n'kukhala pambali panga.

Inadutsa pamutu pathu. Zitsulo zinawerama, ndinaziona ndi maso angawa. Dothi ndi dzimbiri zinatigwera m'tsitsi. Matabwa anga anayi anagwira. Koma ndinaonanso zimene sindinkaona kale, pamene maso anali pa manati okha. Chitsulo chapakati chinali chitadyeka mpaka kubooka. Khoma la miyala linali ndi mng'alu wolowa mkono.

Phokoso litatha bambo anati, "Mlatho sugwa tsiku limodzi. Umagwa nati imodziimodzi. Tsiku lomaliza anthu amangobwera kudzaonerera."

Pa nkhaniyi sanalankhulenso mpaka kumwalira kwawo.

Mlatho uja kulibe tsopano. Unapita ndi madzi ine nditakula kale, anamangapo wa simenti. Lero ndimayendetsa lole, kunyamula soya ndi mtedza m'midzi ya Mchinji kupita nazo ku Lilongwe. Milatho yambiri imene ndimawoloka ndinaipeza, ndipo tikukalambira limodzi. Pamwamba ena amaipaka laimu, imaoneka bwino. Ine pamwamba sindikhulupirira. Ndikafika pa mlatho umene sindinaupondepo chigwere mvula, ndimaimitsa lole n'kutsika. Eni katundu amakwiya. "Adalaivala, mwayambanso mapemphero anu?" Ine ndimangolowa pansi pa mlatho.

Pansipo ndimapeza zomwe zija. Simenti yagamphuka, nthambo zachitsulo zili pamtunda, zofiira. Ena akukumba mchenga patsinde penipeni pa mzati, ngolo imodzi yokha. Ena anadula zitsulo za m'mbali kukapangira mawindo, chimodzi chokha. Aliyense amatenga pang'ono, aliyense amati ndi za boma. Sindiwatukwana. Ndikudziwa mmene palafini amanunkhira pa dzimbiri. Ndimangowauza kuti mlatho uli ndi mwini, ndipo mwini wake ndi amene adzawoloke ali chigonere.

Ena amaseka. Ine ndimakwera, n'kuika giya yoyamba, n'kuwoloka pang'onopang'ono, windo lili lotsegula, khutu lili pansi. Mpaka lero manati asanu ndi awiri ali m'tchire la ku Mlonyeni. Sindinawapeze.